Jekete ya Apongozi

Ku Chilomoni kudali alandilodi ena, a Mbendera, amene akabwereka chinthu sankabweza. Tsiku lina adagogoda kwa tenanti wawo Yotamu.

"Iwe, borrow me jekete! Mawa ndili ku ukwati. Ukakana, usamuke."

"Musadandaule, bwana," adatero Yotamu.

Adathamangira kwa apongozi aamuna a alandilodiwo, nagwada. "Akamwini anu alibe chovala. Akuti muwabwereke jekete."

Posakhalitsa apongozi adatulukira okha, jekete ili paphewa, matenanti onse akuonerera.

"Akamwini, mpaka kupempha zovala kwa ine? Nanga mwana wanga mukumuveka chiyani?"

A Mbendera adachita thukuta. "Yotamu! Ndimanena jekete yako!"

"Pepani bwana. Pa Chichewa kubwereka n'kumodzi, koma Azungu adakugawa pawiri. Mukadati lend me, ndikadakupatsani yanga. Koma borrow me ndiye kuti ndikakubwerekereni kwina. Ine ndangomvera."

"Taiyesani tione," adatero apongozi.

Manja a jekete adalekeza m'zigongono, batani n'kuthothoka, matenanti kuseka mpaka misozi.

Ku ukwati a Mbendera adaivalabe, poti apongozi adakhala nawo benchi imodzi.