Malo a Mkamwini pa Poloti ya Che Mtalika

Tsiku lina itatha swala ya masana kumzikiti, Che Mtalika, mwini nyumba zambiri za lendi ku Balaka, adafika kwa Shehe Likongwe ali wefuwefu, makiyi akulira m'thumba la mkanjo. Adawapeza Shehe ali pamkeka, akusenda nzimbe.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Mtalika. Takhalani pansi mundithandize nzimbeyi, yandikulira."

Koma mkuluyu adabwera ndi moto, za nzimbe sadazimve n'komwe.

"Shehe, ndili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, anthu akuti boma liike malire pa mtengo wa lendi. Malire pa thukuta langa! Njerwa adandiumbira ndani? Ine ndikakweza lendi, eni nyumba onse amatsatira ine. Lachisanu mudzawauze mumzikiti kuti zimenezi si chilungamo."

"Ndamva. Nanga yachiwiri?"

Apa mawu a Che Mtalika adatsika, pakuti Zuwena adali mwana wawo wapamtima.

"Ukwati wa Zuwena tangousuntha ndi kuusunthanso. Mnyamata wake uja, Twaibu wophunzitsa ku madrasa, akuti nyumba sakuipeza. Mwana wanga akungolira, amayi ake sakundiyankhula. Mumukalipire, ngati walephera anene."

Shehe adatafuna nzimbe pang'onopang'ono. Eee, munthu ameneyu sankadziwa kufulumira!

"Che Mtalika, pamene inu mumakwatira, nyumba mudaipeza kuti?"

Nkhope ya mkuluyu idawala. "Aa, Shehe, nthawi imeneyo tinkalowa chikamwini. Apongozi anga, Mulungu awachitire chifundo, adandigwira dzanja n'kundilozera pansi pa mtengo wa mango, nati, 'Manga apa.' Ndinalibe ngakhale mpando."

"Malowo ndi omwe mukukhalawa?"

"Omwewo."

"Ndiye nkhani yatha. Mugwireni dzanja Twaibu, mukamulozere pansi pa mango."

Che Mtalika adakanda m'mutu. "Mtengowo ndidadula. Pali zipinda za lendi."

"Nanga kuseri, kumene kudali khola la mbuzi?"

"Zipinda."

"Pamene amayi ankayanika chimanga?"

"Zipindanso, Shehe."

"Chabwino. Twaibu adabwera kuno dzulo, waulemu wake, nsapato zitatha ndi kuyenda. Akuti nyumba iliyonse imene wagogoda, eni ake akumuyankha chimodzimodzi: 'Pepa mphwanga, Che Mtalika akweza, ifenso takweza.' Kwa inu adachita manyazi kufunsa."

Che Mtalika adawomba m'manja n'kuphulika chiseko, mpaka chisoti chidagwera pamkeka.

"Subhanallah! Ndiye kuti amene akuliza mwana wanga ndine! Ndakhala ndikusaka mfiti m'mudzi monse, chonsecho ili m'mkanjo mwanga momwe. Chipinda chakumapeto chija chilibe munthu, alowemo. Ukwati ndi mwezi uno, Shehe, mpunga ndigula lero!"

Adatenga nzimbe ija tsopano, naitafuna mosangalala ngati mwana. Koma poti mwini nyumba ndi mwini nyumba basi, adafunsabe: "Nanga za malire zija, Lachisanu mudzanena chiyani?"

Shehe adamwetulira.

"Za boma, akambirane a boma ndi anthu awo. Mwini nyumba ayenera kudya thukuta lake, n'zoona, denga silidzikonza lokha. Koma inu malire anu mwawapeza lero. Aliyense wogogoda pakhomo panu ndi Twaibu wa munthu wina, ndipo kwinakwake kuli Zuwena amene akumudikira. Muzitchula mtengo umene mungautchule mwana wanuyo akumva."