Chipsera cha Phiri Lobiriwira

Kalekale, kale lenileni, kunali phiri la miyala yobiriwira. M'miyalamo munkadutsa mtsempha wa mwala woyera, ndipo mumtsemphamo ndimo munali golide.

Chikadza ndi mkazi wake Nangozo ankakumba mmenemo. Kakumbidwe kake kanali kotere: kusonkha moto pamwala, mwala utenthe, kuthira madzi ozizira, mwala n'kusweka. Anatsata mtsempha, kutsata, kutsata, mpaka dzenje linalowa mkati mwa phiri. Pakati pa dzenjelo anasiya mzati wa mwala woyera, monga ankachitira makolo.

Tsiku lina Mfuko, wodziwa zapansi, anawauza chifukwa chake. Anati dziko lidakali lotentha, phirilo linafinyika n'kung'ambika. Madzi otentha anakwera kuchokera pansi penipeni atanyamula golide. Anakwera, anazizira, anasiya mwala woyera ndi golide m'mng'alumo. Zaka, zaka, zaka, mng'alu unatsekeka.

"Mtsemphawu ndi chipsera," anatero Mfuko. "Mukachotsa wonse, bala litseguka."

Koma Chikadza makutu ake anali okongoletsa mutu basi. Golide wa pamzati ankanyezimira, ndipo mtima wake sunakhale m'malo.

Anasonkha moto pamzati. Mzati unatentha. Mchenga unayamba kuyoyoka kudenga. Nangozo ali pakhomo pa dzenje, mtsuko wa madzi uli pamutu, anamva phiri likubuula. Mantha anamugwira.

"Anangozo, bwerani nawo madziwo."

Nangozo anangoti chilili.

"Ndati bwerani nawo!"

Akathira madzi, mzati usweka mwamuna ali pomwepo. Akamuchonderera, satuluka. Mwamuna wake ankamudziwa bwino. Choncho anauponya mtsuko pansi, phwaa, madzi onse kulowa m'dothi.

Chikadza atamva, anatuluka akuthamanga, maso ali psuu, mwano uli kale pamlomo. Asanamalize liwu loyamba, kumbuyo kwake kunamveka chiphokoso. Mzati unali utafooka kale ndi moto. Denga linagwa, fumbi linabuka, phiri linatseka pakamwa.

Chikadza anacheuka n'kuona dzenje litatsekeka. Anagwada n'kuyamba kutola mapale a mtsuko, limodzilimodzi.

"Ndikakuumbitsirani wina," anatero.

Wamvatu mwanawe. Chimene dziko linatseka kwa zaka zosawerengeka, sukanganula chonse. Ukadzapeza mtsempha woyera m'mwala wobiriwira, uzisiyako mzati.

Apa ndiye nthano yanga yathera pomwepa.