Woyendetsa Sitima Amene Ankazimitsa Injini Potsetsereka

Panali bambo wina, dzina lake Kachiwanda, amene anamera imvi akuyendetsa minibasi. Monga anzake onse a pa siteji, iye ankazimitsa injini akafika potsetsereka kuti mafuta asathe msanga. Chizolowezi chimenechi ndicho chinalera ana ake.

Mumzinda wawo mutabwera sitima zing'onozing'ono zoyendera mabatire, Kachiwanda analembedwa ntchito yoyendetsa imodzi. Mayi amene ankaphunzitsa oyendetsa sitimazo anawalangiza kuti potsika phiri asamazimitse injini, pakuti mawilo akamagudubuzika, injiniyo imagwira sitima pang'onopang'ono n'kumabwezera mphamvu m'batire. Kachiwanda anavomera ndi mutu, koma mumtima anati chinthu choyaka chimadya, sichisunga. Ndipo popeza batire linkadzaza m'mawa uliwonse, kulakwa kwake sikunaonekere.

Tsiku lina magetsi anazima batire lisanadzaze. Pa siteshoni ya pamwamba pa phiri panakwera mwana wake wamkazi, Tionenji, matenda a uchembere atamuyamba nthawi isanakwane. Mayi ake anali atamugwirira m'khwapa. Chipatala chinali kutsidya kwa chigwa, pamwamba pa chitunda china.

Mayiwo, mkazi wa Kachiwanda, anafunsa mwamuna wawo motsitsa mawu: "Bambo a Tionenji, kodi tikafika?"

"Mayi, ine ndinayamba kusunga mafuta uyu asanabadwe," anayankha motero.

Atayamba kutsika, anayang'ana chizindikiro cha batire, mantha anamugwira. Dzanja lake linachita chimene linazolowera. Anazimitsa injini, nagwira sitima ndi buleki yachitsulo. Bulekiyo inatentha mpaka kununkha, ndipo mphamvu yonse ya phirilo inathera mu fungo limenelo.

Chigwa anachidutsa. Koma pakati pa chitunda sitima inafooka, inanjenjemera, kenaka inaima. Malata a chipatala ankaoneka pamwamba.

Kachiwanda anabereka mwana wake kumsana, monga ankachitira ali wamng'ono, nakwera naye m'mbali mwa njanji. Tionenji anapulumuka. Khanda litabadwa, silinalire. Amayi okhaokha ndiwo anakaliika, Kachiwanda atakhala kunja kwa nyumba, akuyang'ana dzanja lake lamanja.

Inu amene mukumva, Kachiwanda sanali waulesi kapena wosakaza, anali wosamala. Chinamupweteka ndi nzeru imene inamudyetsa zaka zambiri. Mukapatsidwa chinthu chatsopano, musangovomera ndi mutu. Funsani mpaka manja anu amve, pakuti tsiku la mantha dzanja silidikira mutu.