Lajabu ndi Masiku Atatu a Mlendo

Tsiku lina titangoswali Asiri, pemphero la chakumadzulo, kwa mphunzitsi wanga Shehe Silaji Mtalika ku Ntaja kunafika Haji Wasili, wapampando wa komiti ya mzikiti wathu. Haji anali munthu wabwino ndithu, kungoti malamulo ankawakonda ngati ana awo obereka. Anatipeza tili pamkeka, Shehe akulumikiza patapata wawo woduka ndi kawaya.

Nkhani inali ya Lajabu. Mnyamatayu anakulira kumalo osungirako ana amasiye, ndipo atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anamupatsa bulangete ndi satifiketi ya ukalipentala, n'kumutsanzika. Kwawo kunatsala manda okhaokha. Atagona sabata yathunthu pakhonde la golosale, Shehe anamutsegulira kachipinda ka alendo kuseri kwa mzikiti. Kunena zoona, ine mwanayo ndinali nditamukonda kale.

Atapatsana Salamu, Haji anati, "Shehe, mundikhululukire, sindinabwere kudzaphunzitsa mwini buku. Koma si inu munatiphunzitsa kuti kuchereza mlendo ndi masiku atatu?"

"Ndine ndithu, Che Haji. Allah akudalitseni posunga phunziro."

"Nanga uyu lero ndi tsiku lakhumi! Paja amati mlendo ndi mame, koma mame awa sakukamuka. Komiti yagwirizana kuti pofika Lachisanu atuluke. Wakula, ndevu zamera. Akadzionere yekha."

Ine ndinaganiza za mvula yomwe inali pafupi. Koma Shehe sanafulumire. Anapinda kawaya kawo mofatsa, kenaka anafunsa, "Che Haji, mwana wanu Amidu ali ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu."

"Mashaallah. Ndevu zinamera?"

"Zinamera."

"Amagona kuti?"

Haji anakhosomola, n'kukonza chisoti chomwe chinali bwinobwino pamutu. "M'nyumba mwanga. Komatu Shehe, ameneyo si mlendo."

Shehe anamwetulira, nawagwira dzanja mwaulemu.

"Mwanena zoona, Che Haji. Mlendo timamuwerengera masiku atatu chifukwa tsiku lachinayi pali khomo lomudikira. Ndilozereni khomo la Lajabu, mawa lomwe ndimuperekeza ndekha, bulangete lakelo ndisenza ine. Koma ngati khomolo palibe, mukauze abale anga a komiti kuti ameneyu si mlendo wathu, ndi mwana wathu. Ndipo mwana sitimuwerengera masiku."