Dothi la Pansi pa Nyumba ya Kalipentala

Bambo wa chipewa chakuda anafika Lolemba m'mawa, osanena kumene achokera. Anakhala pa mulu wa njerwa n'kumaonerera kalipentala ndi msuweni wake, mmisiri womanga, akukhuthula mawilibala a dothi kumunsi kwa malo otsetsereka omangapo nyumba. Kalipentala ankafuna nyumba ithe ukwati wake usanafike, pakuti anali atalonjeza bwenzi lake kuti sadzagona m'nyumba ya lendi ngakhale tsiku limodzi.

Mlendoyo anatapa dothi, nalifinya m'manja, nalinunkhiza.

"Ana anga, dothi lakudali ndi la kudimba. Muli mizu ndi zinyalala. Zikaola, pansi padzatsala mphako. Pezani lofiira la timiyala. Muzithira pang'ono, kutalika kwa chikhatho, muwaze madzi, mutsindire mpaka chidendene chisasiye chizindikiro. Kenako muthirenso."

Msuweni anaseka chikhakhali. "Madala, tikatero mkwatibwi amera imvi! Ine ntchitoyi anandiphunzitsa Mpondadothi mwini wake, uja anamanga msewu wa kuphiri."

"Ooh, Mpondadothi?" anatero mlendoyo, akumwetulira. "Ndiye muli ndi mwayi."

Kalipentala anakayikira, koma masiku anali atamuthina. Analola msuweni akhuthule dothi lonse kamodzi mpaka kufika m'chiuno, n'kupondaponda pamwamba pokha. Mlendoyo sanakangane nawo. Anangopempha ngodya imodzi. Kwa masiku atatu anatutira dothi lofiira, akulitsindira ndi chitini chodzaza simenti chokhala ndi mpini, kenako anasowa ngati mame.

Kalipentala ndi msuweni wake anathira simenti, makoma anakwera. Mvula yoyamba itagwa, pansi panayamba kulira ngati ng'oma ukapondapo. Yachiwiri itagwa, mng'alu unayenda kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo chitseko chimene kalipentala anachipala ndi chikondi chonse chinakana kutsekeka. Ngodya ya mlendo yokha ndiyo inaima nji.

Bwenzi la kalipentala linabwera n'kulowetsa chala mumng'alumo. "Achimwene, ndiye tizidzagona mbali iti, yakumtunda kapena yakumunsi?"

Ukwati anausuntha. Tsiku logumula nyumbayo, chipewa chakuda chija chinatulukiranso pa mulu wa njerwa. Kalipentala anavula kapusi yake, nagwada.

"Bambo, ndinakunyozani. Tiphunzitseni."

Mlendoyo anagwira nawo ntchito milungu iwiri, chikhatho ndi chikhatho, mpaka malo onse anauma gwa ngati thanthwe. Atatenga ndodo yake kuti azipita, mtsikana uja anamutsekera njira.

"Agogo, pa ukwati tidzaitana ndani? Dzina lanu simunatiuze."

Mkuluyo anayang'ana msuweni, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kupukuta fosholo yoyera kale.

"Funsani wophunzira wangayu," anatero mofatsa. "Anzanga a pamsewu ankanditcha Mpondadothi."

Fosholo inagwa pansi. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.