Gitala Yodula ya Lafayelo

Panali munthu wina ku Ndirande, dzina lake Lafayelo, wamfupi msinkhu, wa zala zazifupinso, koma akagwira gitala anthu odutsa pamsewu ankaima. Ankaimba m'maukwati ndi m'mapwando, lero kuno mawa uko, ndi gitala yobwereka. Ntchito yokhazikika analibe.

Tsiku lina anamva kuti bandi ya jazi yoimba pa hotela ina mumzindamo ikufuna woimba gitala. Mkulu wa bandiyo, a Likongwe, anamuuza kuti abwere Lamulungu masana adzamuyese pamaso pa alendo. Anamuuzanso kuti abwere ndi gitala yakeyake, ndipo ikhale yamphako. Gitala yamphako ndi ija ya mimba yaikulu yopanda kanthu mkati, yokhala ndi timabowo tiwiri topindika pamwamba pake. Kukoma kwake konse kumachokera m'mphakomo, poti mawu amayamba azungulira m'thabwa asanatuluke. Lafayelo anali asanaigwirepo chibadwire, koma anavomera msangamsanga ngati munthu woizolowera.

Mkazi wake, Nachisale, anali telala wa pakhonde. Atamva nkhaniyo anagulitsa makina ake osokera n'kupereka ndalama zonse kwa mwamuna wake. Anati malo a pa hotela akapezeka, makina adzagula ena. Motero chakudya cha nyumba yonse chinatsamira pa Lamulungu limodzi lija.

Lafayelo anakwera minibasi kupita ku Limbe. M'sitolo imene analowa munali magitala amphako awiri. Ina inali yatsopano, yofiira, yonyezimira, zitsulo zake zooneka ngati golide, mimba yake yaikulu zedi, ndipo mtengo wake unkameza ndalama zonse za makina aja. Inayo inali yoti wina anaimbirapo kale, yazipsera, utoto utasuluka pamene mkono umagona. Inali yocheperako thupi, mtengo wake theka chabe.

Anayamba wayesa yofiira ija. Kuti dzanja lifike pa mawaya anachita kukweza phewa, ndipo zala zake zinkavutika kutambasuka. Kenako anakhala pakona ndi yakale ija, osailumikiza kumagetsi. Inamukhala pamwendo bwinobwino. Atakhudza mawaya anamva mawu akunjenjemera m'mimba mwake momwe, ofunda, okhalitsa. Manja ake anadziwa nthawi yomweyo gitala yoyenera kupita nayo kunyumba. Mwini sitolo, munthu wachilungamo ndithu, anamuuza kuti yakaleyo thabwa lake ndi labwino, ndipo anati awalumikize onse awiri ku ampulifaya, makina okweza mawu, kuti awamve bwino asanasankhe.

Ali mkati mokambirana choncho, munalowa Filimoni, mnzake amene ankaimba naye ali anyamata. Filimoni zinthu zinali zitamuyendera. Analowa akuzunguza makiyi a galimoto pachala. Anapatsana moni, kenako maso ake anagwera pa gitala yosuluka imene inali pamwendo pa Lafayelo.

"Kodi achimwene, mukutenga kachikale aka?"

Mawu anali omwewo basi. Koma Lafayelo anagwidwa ndi manyazi. Anaiika pansi gitala ija msangamsanga n'kunena kuti amangoiona, iye wabwerera yofiirayo. Mwini sitolo anamuyang'ana modabwa, koma malonda ndi malonda. Anangobwereza kuti amulole ailumikize kaye amuonetse, poti gitala yamphako ili ndi khalidwe lakelake ikakhala pafupi ndi sipika. Lafayelo anakana. Anati magitala oterewa wakhala akuwaimba kwa zaka, palibe chachilendo chimene angamuuze.

Koma abale, chimene chimandipweteka mtima n'chakuti Filimoni sanadikire n'komwe kuti aone. Anagula mawaya amene anabwerera n'kutuluka, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika pagalimoto yake anali ataiwala kale nkhani yonseyo. Lafayelo anatsala yekha ndi chigitala chofiira, thumba lili pululu.

Kunyumba aneba anabwera kudzaona, ana akuloza zitsulo zagolide zija. Nachisale anafunsa ngati gitalayo ndi yabwino, ndipo mwamuna wake anamuyankha pomuuza mtengo wake. Mkaziyo anakhulupirira, poti za magitala sankazidziwa ndipo mwamuna wake anali asanamunamizepo.

Loweruka Lafayelo anabwereka ampulifaya kutchalitchi. Anakhala m'kachipinda kawo, sipika ili pambali pake penipeni, n'kukweza mawu mpaka kumapeto monga anazolowera ndi magitala opanda mphako. Atangokhudza waya, gitala inakuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Anazimitsa. Anayatsanso, inakuwanso. Agalu a m'mbali monsemo anayamba kuuwa.

Palibetu chinali chitawonongeka. Mphako ija imatola mawu otuluka mu sipika n'kuwabwezanso momwemo, ndiye akazungulira choncho amasanduka mkuwo. Mankhwala ake ndi ochepa: kutalikira sipika n'kutsitsa mawu pang'ono. Zimenezo ndi zimene mwini sitolo ankafuna kumuonetsa. A Likongwe akanamuuzanso zomwezo pafoni. Nanga munthu woti analengeza kuti waimba magitala oterewa kwa zaka akafunsa bwanji? Lafayelo anakhala pamphepete pa bedi akuganiza kuti mwina amugulitsa chinthu chakufa, akuopa kuti Nachisale afunsa chimene chikuchitika.

Anadikira mkaziyo apite kumsika. Kenako anatsegula thumba la nsanza limene linkakhala kuseri kwa chitseko n'kupezamo matewera akale a mwana wawo Tiyese, amene tsopano anali atakula. Anawang'amba n'kuyamba kuwalowetsa m'timabowo tija, akukankhira ndi mpini wa supuni, mpaka mimba yonse ya gitala inadzaza. Atayatsa, mkuwo unali utatha. Mawu okoma aja nawonso anali atatha, pongotsala kulira kogontha ngati munthu akugogoda thumba la chimanga. Anamva ndithu kuti zasintha, koma anadziuza kuti pakati pa ng'oma ndi malipenga palibe adzazindikire. Munthu anapereka makina a mkazi wake kugula mphako, n'kuitseka yekha ndi manja ake.

Lamulungu masana alendo anadzaza pabwalo la hotela, atakhala pamatebulo pansi pa mitengo. Nachisale anabwera atavala chitenje chake cha paukwati n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Lafayelo atatsegula bokosi, anyamata a bandi anaimba mluzu poona gitalayo, ndipo kwa kanthawi mtima wake unakhala m'malo.

Nyimbo yoyamba inayamba. Mawu a gitala ankangotuluka n'kufera pomwepo. Phewa linayamba kumuwawa nyimbo isanafike pakati. A Likongwe, amene ankaimba piyano, ankangocheuka kumuyang'ana. Nyimbo itatha anadzuka n'kupempha kuti aione gitalayo. Anainyamula, anaiyesa kulemera kwake, anaigogoda ndi chala. Kenako anasuzumira m'kabowo n'kuona kansonga koyera. Anakakoka.

Nsanza inatuluka yaitali. Anakokanso, inatuluka ina, kenako inanso, akuziunjika pansi pamaso pa anthu onse. Woimba ng'oma anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Mayi wina patebulo lakutsogolo anauza mnzake mokweza kuti amenewo ndi matewera, iye walera ana ndipo sangawasokoneze. Kuseka kunayenda tebulo ndi tebulo. Lafayelo anaima chilili, manja ali lende, akulakalaka nthaka itang'ambika.

A Likongwe sanaseke. Atatulutsa nsanza yomaliza anasunthira kutali ndi sipika, anatsitsa mawu, n'kukhudza mawaya. Gitala inalira bwino moti anthu anasiya kuseka.

"Gitalayi ilibe mlandu, bambo. Inakukuwirani kunyumba eti?"

Lafayelo anangogwedeza mutu movomera.

"Tonsefe inayamba yatikuwira. Mukanangofunsa."

A Likongwe anamubwezera gitala ija kuti ayesenso nyimbo ina. Koma manyazi anali atalowa m'zala. Chigitala chija chinkamukankha mkono, zala zinkatera pamalo olakwika, ndipo munthu amene ankaimitsa anthu pamsewu anasochera m'nyimbo imene ankaidziwa kuyambira ali mnyamata. Nyimbo itatha a Likongwe anamutengera pambali n'kulankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Munthu wosadziwa ndimatha kumuphunzitsa. Koma wobisa kusadziwa kwake, sindidziwa poyambira."

Anati malowo apereka kwa wina.

Pamenepo Nachisale anadzuka kumbuyo kuja. Anadutsa pakati pa matebulo onse, anthu akumuyang'ana, n'kukagwada pamene panali mulu wa nsanza. Anazitola imodziimodzi, kuzikutumula, kuzipinda bwinobwino n'kuziika m'chikwama chake. Sanafulumire ndipo sanayang'ane munthu. Atamaliza anaimirira n'kunena kuti, "Tiyeni, bambo a Tiyese."

Akanamukalipira zikanakhalako bwino. Njira yonse mkaziyo sananene kanthu, ndipo Lafayelo anayenda pambuyo pake atanyamula bokosi, osatha kukweza maso. M'mawa mwake anamuona akumanga mpango n'kutuluka. Ankapita kwa telala mnzake wa kumsika, amene kale ankalimbirana naye makasitomala, kukapempha ganyu yosokerera mabatani.

Inu amene mukundimvanu, musathamangire kunena kuti yodula ndiyo yoipa, kapena kuti yotchipa ndiyo yabwino. Magitala onse awiri anali abwino, koma umodzi wokha wa mitengo ija unali wa msinkhu wa thumba lake, ndipo gitala imodzi yokha inali ya msinkhu wa mkono wake. Iye anadziwa zimenezo. Chimene anagula m'sitolo muja sichinali gitala, anagula maso a munthu wodutsa. Pofuna kuthawa manyazi a kamphindi pamaso pa mnzake mmodzi, anakawapeza aakulu pamaso pa bwalo lonse, ndipo wolipira anali mkazi amene sanalakwe kanthu. Tsono mukaima posankha, kaya ndi chida cha ntchito, kaya nyumba, kaya sukulu ya mwana, dzifunseni ngati mukusankhira dzanja lanu kapena diso la mnzanu. Ndipo chikakukanikani, tsegulani pakamwa mufunse, pakuti kunyumba kuli wina amene adzagwade kutola zimene mwabisa.