Ngozi ya M'dzenje Lomwe Kulibe

Zakeyu, dalaivala wa lole ya kabichi, anawombana ndi galimoto ya a Thindwa m'dzenje lalikulu la pamsewu wakumsika, iye n'kuliyatsa liwiro osacheuka. A Thindwawo anali kontilakitala, ndipo anali atangolumbira kukhonsolo kuti msewuwo anausalaza kale wonse. Anamutengera Zakeyu kukhoti kuti akalowe m'ndende.

Zakeyu ataona akuluakulu a khonsolo atadzaza mabenchi kudzaperekeza mnzawo, mtima wake unakhala pansi.

"Unathawiranji pamalo a ngozi?" anafunsa woweruza.

"Bwana, ine ndine mbuli. A Thindwa atiuze kaye malowo. Ine ndimayesa tinakumana m'dzenje lija mumasambira abakha."

Akhonsolo onse anatembenukira kwa a Thindwa.

"Pamsewu wanga palibe dzenje!" anakuwa motero a Thindwa.

"Nanga munawombana pati?" anafunsa woweruza.

"Pa... paliponse ayi."

"Mwadzimvera nokha, bwana," anatero Zakeyu atapinda manja mwaulemu. "Munthu angathawe bwanji pamalo poti palibe?"

Mlandu unathera pomwepo. Galimoto ya a Thindwa idakali m'dzenjemo mpaka lero, poti mwini wake sangauze munthu kokaikoka.